Ringi Yopindika ndi Phazi la Mnzanga

Ntchito yanga ku Joni inali yomangirira katundu ku kireni. Ndinaigwira zaka khumi ndi zinayi pa fakitale ina kumwera kwa tawuni, kuseri kwa milu yachikasu ya dothi la m'migodi. Pa fakitalepo tinkakonza mamota ndi mapampu akuluakulu, aja amapopa madzi pansi pa mgodi kuti anthu asamire. Zinthu zimenezi sizinyamulika ndi manja, ngakhale mutaitana mudzi wonse. Lole ikabwera nazo, kireni yoyenda m'denga ndi imene inkatsitsa, n'kumapita nazo kotsuka, komasula, kowotcherera, mpaka kudzazikwezanso pa lole. Paliponse pamene katundu ankachoka pansi, dzanja lomaliza kumukhudza linali langa.

Pamwamba pa mota kapena pampu pamakhala mabowo okhala ndi mano mkati. M'mabowomo tinkamangamo zimene tonse pa fakitale tinkangoti maringi: mphete yachitsulo yochindikala ngati chala chachikulu cha kuphazi, yokhala ndi bawuti kunsi kwake. Umapotokola bawutiyo m'bowo, ngowe ya tcheni n'kukola m'mphetemo, tcheniyo n'kukola ku kireni. Ndiye kuti katundu yense, kaya matani atatu kaya asanu, ankalendewera pa tizitsulo tiwiri kapena tinayi toti ukanatha kutiika m'thumba la ovolosi.

Maringi analipo a mitundu iwiri. Ena anali ouma khosi, mphete ndi bawuti chitsulo chimodzi. Amenewa amafuna kukokedwa molunjika kumwamba basi. Ukawakokera chammbali amapindika pakhosi, ndipo mphamvu yolembedwa pamsana pawo imasanduka bodza. Ena anali ozungulira, oti mphete yake imatembenuka n'kugonera kulikonse kumene tcheni ikukokera. Amenewa anali odula, ndipo ankamangidwa ndi sipanala yakeyake yaitali, imene imalira kuti kha! bawuti ikalimba kufika pamlingo wake.

Amene anandiphunzitsa zonsezi anali madala ena a ku Machinga, Msilamu wamfupi wa ndevu zoyera, amene anafika ku Joni ine ndisanabadwe. Ine ndinali nditangochoka ku mgodi, mphamvu zili tho, mutu uli gwa. Sabata yoyamba yonse sanandilole kukhudza ringi. Anandipatsa kawaya ndi kansanza kuti ndizitokosa m'mabowo.

Tsiku lachitatu ndinatopa nazo. Ndinati, "Madala, ine ndinabwera kudzanyamula katundu, osati kudzatokosa m'makutu mwa mota."

Iwo sanaseke. Anati, "Mwana wanga, bowo likakhala ndi matope, bawuti imakunamiza. Imalimba isanafike pansi. Iwe uziti ndamanga, chonsecho yangokhala pa matope."

Akamanga ringi, ankatulutsa kapepala kopyapyala n'kuyesa kukalowetsa pakati pa phewa la ringi ndi chitsulo cha mota. Kakalowa, ankamasula n'kuyambiranso. Zilembo sankazidziwa, koma manambala a pamsana pa ringi ankawawerenga ngakhale atafufutika ndi girisi. Zonse zikatha, ankakweza dzanja kwa woyendetsa kireni kuti anyamule pang'ono chabe, katundu angosiyana ndi pansi mwa chikhatho chimodzi, n'kuima pomwepo. Ankazungulira katunduyo ali patali, kuyang'ana ringi iliyonse, kenako n'kulola kuti apite. Ringi ikapindika, ngakhale pang'ono, ankaidula ndi sowo asanaitaye, kuti wina asakaitole m'bini. Ankati chitsulo chikapindika kamodzi chatopa, ndipo sichipumulanso.

Pa zaka zonse zimene madalawo anagwira ntchito, palibe chimene chinagwapo. Koma pamapepala a kampani iwo anali lebala, inenso lebala. Chikalata cha ntchito yathuyi chinali m'dzina la mzungu, chifukwa masiku amenewo munthu wakuda sankaloledwa kukhala nacho. Folomani wakale, mzungu wachikulire wokonda kaliwo, ankadziwa zimenezi ndipo ankatisiya tizichita monga tikudziwira. Madala akati dikirani, iye ankadikira, n'kumapopa kaliwo wake.

Zinthu zinasintha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Madala mawondo anawakana, anamanga katundu wawo n'kubwerera kwawo ku Machinga. Chaka chomwecho folomani wakale uja anapuma. M'malo mwake munabwera mzungu wina wa zaka ngati zanga, amene kale ankayang'anira galaja ya malole. Ankayenda ngati akuthamangitsidwa, ndipo mawu ake oyamba m'mawa anali a Chifanakalo, chilankhulo chija cha kumigodi: "Checha! Checha!" kutanthauza kuti fulumirani. Kwa iye katundu wolendewera chikhatho chimodzi pamwamba pa simenti inali nthawi yotayika. Ndikaimitsa kireni kuti ndiyang'ane maringi, ankaomba m'manja kumbuyo kwanga ngati akupirikitsa nkhuku.

Mwezi wachiwiri ringi imodzi yozungulira inasowa. Inadzapezeka patapita milungu itatu, itapita ku mgodi ili pa pampu imene folomaniyo mwini wake anailamula kuti ikwere lole mofulumira tisanamasule. Koma pamene inkapezeka, n'kuti iye atagamula kale kuti ife timaba maringi kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Anatenga maringi onse ozungulira pamodzi ndi sipanala ija n'kuzitsekera m'kabati ya mu ofesi mwake, kiyi m'thumba. Ndikafuna ringi ndinkayenera kumufunafuna, ndipo iye sankakhala pamodzi. Ndikamupeza ankafunsa kuti ouma khosi aja avuta chiyani. Ndikafotokoza, ankayang'ana wotchi. Tsiku lina ndinadikira kiyi kuyambira m'mawa mpaka belu la chakudya, kenako anandikalipira pamaso pa anthu kuti mota yakhalitsa pansi.

Nthawi ya chakudya ndinkakhala ndi mnzanga wina wa ku Thyolo, amene ntchito yake inali yotsuka zitsulo ndi parafini. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, bambo wa ana atatu kumudzi, munthu wofatsa wokonda kuseka. Tinkatchulana achimwene. Iye ku mgodi sanapiteko. Anabwera ku Joni wapansi, n'kugwira ntchito yosamalira maluwa kwa azungu zaka zambiri asanapeze malo pa fakitale, kotero Chifanakalo ankangomva mawu apa ndi apo. Tinkagawana buledi ndi mahewu titakhala pa migolo kunja, ine n'kumadandaula za kiyi.

Iye ankati, "Achimwene, inu mumapsa mtima ngati fakitale ndi ya atate anu. Akati manga, mangani. Chikagwa n'chawo."

Ine ndinkati, "Chikagwa sichigwera iwo. Iwo amaima kutali."

Tsiku limene ndikufuna kunenali linali Lachisanu, nthawi ya chisanu, mphepo ikulowa pa chitseko chachikulu. Panali chigoba cha pampu, cholemera kuposa matani atatu, chimene chinkafunika kuchitembenuza kuti chigone chammbali owotcherera afike kunsi kwake. Kutembenuza katundu ndi ntchito ya maringi ozungulira, chifukwa katundu akamapendeka tcheni imasintha kokokera. Ndinapita kwa folomani kukapempha kiyi. Anapapasa m'matumba, n'kunena kuti wayiiwala m'jekete kunyumba. Ndinati ndiye tidikire Lolemba. Anati lole ikubwera madzulo ano.

Analowa m'chipinda chowotcherera n'kutuluka ndi maringi awiri ouma khosi. Imodzi ndinaizindikira. Inali itapindika sabata yapitayo, ine n'kuiika pambali kuti ndiidule, koma inasowa ndisanapeze sowo. Tsopano inali yowongoka, yopakidwa penti yofiira. Ndinapala pentiyo ndi chikhadabo pakhosi pake, ndipo chitsulo cha pansi chinali chobiriwira, monga chimachitira chitsulo chimene chadutsa pamoto. Anali atauza wowotcherera kuti aitenthe n'kuiwongola ndi hamala. Kuwonjezera apo, mabawuti ake anali aatali kuposa mabowo a chigobacho, moti phewa silikanafika pansi. Folomani anali atabwera ndi mawashala, tizitsulo tathyathyathya ta bowo pakati, odzaza dzanja oti ndisanjikize pansi pa phewa.

Ndinati, "Bwana, izi ayi. Ringi iyi yapsa. Ndipo ouma khosi satembenuzira katundu."

Anati, "Nambala yalembedwa apa ikuti matani awiri. Awiri kuphatikiza awiri ndi anayi. Kapena kwanu simuwerengera choncho?"

"Nambala imeneyo ndi ya kukoka molunjika, bwana. Chammbali siifika ngakhale theka."

"Ndiwe injiniya iwe?"

"Sindine injiniya, koma ndikudziwa kuti iyi ithyoka."

Tinkalankhula Chifanakalo chosakaniza ndi Chingerezi, mawu akukwererakwerera, ndipo anthu anasiya ntchito n'kumatiyang'ana. Nkhope yake inafiira mpaka m'makutu. Anandifunsa komaliza ngati ndimanga kapena ayi. Ndinati sindimanga. Anayenda mpaka pakhoma, natenga tsache lalikulu, nandiponyera pamapazi. Anati popeza ndine wanzeru kuposa ntchito yanga, ndikasese kumapeto kwa fakitale, kuyambira lero mpaka adzasinthe maganizo.

Ndinatola tsachelo. Zaka zisanu ndi ziwiri ndikumangirira katundu popanda kugwetsa ngakhale bawuti, lero ndizisesa chifukwa cha munthu woti sadziwa kusiyanitsa ringi ndi chogwirira cha ndowa. Ndikuchoka ndinamva akuitana munthu wina kuti adzamange. Amene anali pafupi anali mnzanga wa ku Thyolo uja, manja ali nyowe ndi parafini.

Apa ndiyenera kunena zoona. Ndinaona zonse. Ndinali kutali, koma osati kutali koti mawu sangafike. Ndinaona mnzanga akusanjikiza mawashala aja, folomani akumulozera. Ndinaona akulowetsa chitsulo m'mphete kuti alimbitse. Ndinaona akudutsitsa tcheni imodzi m'maringi onse awiri, chinthu chimene madala ankati chimakokera maringi pamodzi ngati munthu wofinya khosi la nkhuku. Woyendetsa kireni, Mzulu wina amene ndinagwira naye ntchito zaka zambiri, anasuzumira pawindo la kanyumba kake m'denga n'kuyang'ana kwa ine. Ankadikira kuti ndikweze dzanja kapena ndipukuse mutu. Ine ndinaweramitsa nkhope n'kupitiriza kusesa. Mumtima ndinkati, musiyeni aone yekha, chigwe chiswe simenti yake, adziwe kuti ndinkanena zoona.

Sanaimitse pa chikhatho chimodzi. Folomani anazunguza dzanja, chigoba chinakwera kufika m'chiuno mwa munthu, n'kuyamba kupendeka. Chinkafuna kuzungulira, ndipo folomani anakuwa kuti wina achigwire. Mnzanga anasendera pafupi n'kuikapo manja onse awiri.

Kunamveka kuti phaa! ngati mfuti. Ringi yofiira ija inaduka pakhosi, mphete yake n'kuuluka kukamenya malata a khoma. Tcheni inasolokoka m'ringi inayo, ndipo chigoba chonse chinatsika ndi m'mphepete mwake. Pansi panagwedezeka mpaka pamene ndinaima ine. Fumbi litachepa ndinaona mnzanga atakhala pansi, akuyang'ana phazi lake lamanja, limene theka lake linali kunsi kwa chitsulo. Sanalire. Ankangoti, "Mayo, mayo," motsitsa, ngati akuopa kudzutsa munthu.

Kuti timuchotse panafunika kunyamulanso chigobacho. Palibe amene anandiitana, ndinangopezeka ndafika. Folomani anaima ngati chitsa, milomo ili yoyera. Ndinamuuza kuti athyole kabati. Anapisa dzanja m'thumba la kumbuyo la buluku n'kutulutsa kiyi. Inali momwemo nthawi yonseyi. Sindikudziwa ngati anaiwaladi kuti ili mmenemo kapena sanafune kutaya mphindi khumi, ndipo sindinamufunse. Ndinamanga maringi ozungulira m'mabowo ena awiri, sipanala inalira kawiri, Mzulu uja ananyamula pang'onopang'ono, anthu n'kumukoka mnzanga. Jombo yake ya chitsulo kutsogolo inali itaphwatalala ngati chitini chopondedwa ndi lole. Kuchipatala anadula phazilo pakati, n'kumusiyira chidendene.

Ambulansi itangotuluka pageti, folomani anayenda mpaka pakhoma, natola mphete yoduka ija ndi kansanza, naiika m'thumba. Kenako anandilamula kuti ndichotse chidutswa cha bawuti chimene chinatsalira m'bowo. Ndinachichotsa, iye ataima pambali panga, dzanja lili chitambasulire. Ndinamupatsa. Mawashala anali atamwazika pansi, ndipo ndinawasesa ndine.

Lamlungu masana mkazi wanga anabwera ku kachipinda kanga ka kuseri kwa nyumba ina ku Yeoville. Iye ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Rosebank, ankagona komweko, ndipo tinkaonana Lachinayi ndi Lamlungu basi. Anali mwana wa Mmalawi wobadwira ku Joni konko, ndipo malamulo a dzikolo ankawadziwa kuposa ine. Ndinamuuza kuti akuluakulu a kampani akubwera Lachiwiri kudzafufuza, ndipo ndikanena zonse: za kiyi, za moto, za mawashala.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Abambo, chidindo cha m'pasi yanu yokhalira kuno ndi cha ndani?"

Ndinati, "Cha kampani."

"Nanga akakana kudindanso, inu mukhala ndani kuno? Mawa lake apolisi akukwezani sitima. Mwana uyu adzakuonaninso liti?" Mwana wathu wamkazi anali ndi zaka zinayi, ankakhala ndi agogo ake kulokeshoni.

"Ndiye ndingokhala chete, munthu wataya phazi?"

"Phazilo silimeranso ngakhale mulankhule mpaka mawa. Ine sindikuti muname. Ndikuti muyankhe zimene akufunseni."

Ndinakwiya naye, koma Lachiwiri ndinachita zomwezo, ndipo sizinandivute n'komwe chifukwa akuluakuluwo sanandipatse mpata wochita zina. Anabwera azungu awiri a masuti, nakhala mu ofesi ya folomani, folomaniyo atakhala nawo mbali imodzi ya tebulo. Kalaliki wakuda ankamasulira. Funso loyamba linali loti ngozi ikuchitika ndinali kuti. Ndinati ndinkasesa kumapeto kwa fakitale. Mmodzi analemba, n'kunena kuti ndiye kuti sindinaone kanthu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze chifukwa chimene ndinkasesera, koma kalaliki anandigwira pamkono n'kunong'ona kuti atha nane. Sizinakwane mphindi ziwiri. Kalaliki yemweyo anadzandiuza pambuyo pake zimene zinalembedwa: kuti wovulalayo anaima pamalo osayenera, ndipo ringi inali ndi chilema chochokera kumene inapangidwa.

Lolemba lotsatira ndinabwezeredwa ku kireni. Palibe anapepesa. Kungoti mamota anali ataunjikana pageti, ndipo Mzulu uja anakanitsitsa kunyamula chilichonse chimene sindinamange ine. Kabati inasiyidwa yosakhoma, koma palibe ananenapo kanthu za zimenezo.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinabwera patapita miyezi iwiri. Kampani inagula maringi ozungulira atsopano, mabokosi atatu, ndipo ogulitsawo anatumiza mzungu wawo kuti adzatiphunzitse kagwiritsidwe kake. Anatisonkhanitsa tonse m'chipinda chodyera, anapachika nsalu yoyera, n'kumaonetsa zithunzi. Popeza anthu ambiri sankamva Chingerezi, folomani anandiloza ine kuti ndiimirire kutsogolo ndizimasulira.

Ndiye ndinaima pamenepo, ringi ili m'manja, n'kumanena m'Chifanakalo ndi m'Chizulu zimene mlendoyo ankanena m'Chingerezi. Tsukani bowo musanamange. Phewa likhale pansi ndithu. Osasanjikiza mawashala. Osadutsitsa tcheni imodzi m'maringi awiri. Ringi yopindika osaiwongola, osaitentha, itayeni. Nyamulani pang'ono kaye, muime, muyang'ane. Osaika manja pa katundu wolendewera. Mawu aliwonse ankatuluka m'kamwa mwanga ngati ndikulavula mchenga. Folomani anaima pakhomo atapinda manja, akugwedeza mutu kuvomereza chilichonse. Mlendo atafika pa nkhani ya kutentha ringi, folomani anatembenukira kwa ife n'kunena mokweza kuti, "Mwamva? Ndisadzaone munthu akuchita zimenezi muno." Mzulu uja anatsokomola, n'kutuluka panja.

Pomaliza tinapita ku kireni kuti mlendo aone ngati tamva. Ndinamanga ringi pa mota, sipanala inalira, ndipo mwachizolowezi ndinatulutsa kapepala n'kuyesa pansi pa phewa. Mlendo anasangalala. Anati imeneyo ndi nzeru yabwino, ayamba kuiphunzitsa kwina, ndipo anafunsa folomani ngati ndi iye anatiphunzitsa. Folomani anangomwetulira. Ine ndinayamba kunena kuti anali madala ena a ku Machinga, koma mlendo anali atatembenuka kale, akuyang'ana wotchi yake. Patapita milungu ingapo kunabwera chikalata cha maphunzirowo, chili ndi dzina la folomani, ndipo anachipachika mu ofesi m'galasi.

Mnzanga uja kuntchito sanabwererenso. Kuchipatala ndinapitako kamodzi, ndinamupeza ali mtulo, ndipo ndinasangalala kuti ali mtulo. Ndinasiya malalanje pa kabati n'kuthawa. Kenako ndinamva kuti watuluka, koma sindinafunse kumene akukhala.

Ndinakumana naye patatha pafupifupi chaka, Loweruka masana, pamalo okwerera matekisi m'tawuni. Anali atakhala pa kreti, kutsogolo kwake kuli bokosi la nthochi ndi maapozi, ndodo ili pambali. Ku phazi lodukalo anavala jombo yodzaza nsanza kutsogolo. Anandiona ndisanaganize zoti ndichite.

Anati, "Achimwene! Mukudutsa ngati simukundidziwa?"

Anandisunthira kreti ina ndipo ndinakhala. Tinafunsana za kumudzi, za ana, za anthu a pa fakitale. Kenako ine ndinayamba kukhuthula zonse zimene ndinasunga: kiyi ya m'thumba la kumbuyo, azungu a masuti, maphunziro aja, chikalata cha m'galasi. Ndinalankhula nthawi yaitali, mawu akukwera, mpaka mayi wogulitsa pafupi anatembenuka. Ndinkayembekeza kuti akwiya nane limodzi. Iye ankangopukuta apozi ndi malaya.

Nditamaliza anati, "Zonsezo ndamva. Mzungu uja ndi chitsiru, ndipo Mulungu adzamuona. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndakhala ndikufuna kukufunsani. Inu munadziwa kuti ringi ija ithyoka?"

Ndinati, "Ndinadziwa. N'chifukwa chake ndinakana."

"Munauza mzungu."

"Ndinamuuza pamaso pa anthu onse. Inunso munalipo."

"Ndinalipo, koma ndinamva chiyani? Munkakalipirana m'chilankhulo chanu cha kumgodi. Ine ndinkayesa mukulimbirana ukulu monga mwa masiku onse, nkhani ya kiyi ija. Munandidutsa pafupi ndi tsache lanu, phewa lanu linakhudza langa. Mukanangoti m'Chichewa chathu chomwechi, achimwene musayandikire, ithyoka. Mawu atatu. Mzungu sakanamva n'komwe."

Ndinafuna kunena kuti ndinali nditapsa mtima, kuti sindinaganize kuti munthu angaikepo manja, kuti wolakwa ndi amene anatentha ringi. Zonsezo zinali zoona. Matekisi ankaliza mahutala, oitanira akukuwa mayina a malokeshoni, ine ndikuyang'ana jombo ija.

Iye anati, "Sindikukuimbani mlandu. Ndimangofuna mudziwe kuti ndinaganizapo." Kenako anathyola nthochi ziwiri, imodzi n'kundipatsa, ndipo tinadya.

Kuyambira pamenepo ndinkapita kukamuona Loweruka lililonse ndikaweruka. Ndinkamunyamulira bokosi mpaka pa tekisi, iye akukana, ine ndikuumirira. Nkhani ija sitinaibwerezenso. Patapita zaka ziwiri anabwerera ku Thyolo, ndipo anandilembera kalata imodzi yonena kuti wafika bwino ndipo akusoka nsapato pa msika. Folomani anakwezedwa n'kupita ku ofesi yaikulu. Amene anabwera m'malo mwake anali wabwinoko, koma ine ndinali nditasintha. Ndinasanduka munthu wokuwa. Katundu asananyamuke ndinkakuwa m'Chichewa, m'Chizulu, m'Chifanakalo ndi m'Chingerezi, kutchula munthu aliyense amene waima pafupi, mpaka anzanga ankandinena kuti ndili ngati wolalikira wa m'sitima. Malamulo atayamba kufewa, ndinapempha kuti ndikalembe mayeso a chikalata cha ntchito yathu chija. Anati ndidikire chaka chamawa. Chaka chamawacho anati kampani ilibe mpata. Fakitale inatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ine ndikadali lebala pamapepala.

Tsopano ndili kwathu ku Ntcheu, ndipo maso ayamba kuchita chifunga. Mwezi wathawu ndinkadutsa pa galaja ina pamsewu, ndinapeza amuna atatu akutsitsa injini ya lole ndi tcheni yomangirira pa nthambi ya mtengo. Pa injinipo anamangapo bawuti imene anaiwotcherera kamphete ka chitsulo, ndipo mmodzi anali chogona pansi pake akumasula china chake. Ndinakuwa kuchokera kutsidya kwa msewu kuti achokepo. Anatuluka, n'kundiyang'ana modabwa. Ndinawoloka, ndinayamba kuwafotokozera za khosi la chitsulo, za moto, za kunyamula pang'ono kaye. Mwini galaja anamvetsera mwaulemu, akupukuta manja.

Anati, "Zikomo agogo, tamva. Koma ife timachita chonchi tsiku lililonse."

Ndisanafike pa sitolo yotsatira ndinacheuka, ndipo munthu uja anali atalowanso pansi pa injini.